Mizere Itatu pa Khoma la ku Vubwi

Chimene chinayamba kumupsetsa mtima Winfrida Daka m'mawa wa Lachitatu chinali kaseko ka Petro. Bamboyu, mwini wa kashopu kosindikiza zithunzi kuseri kwa msika wa Katete, anali ndi kaseko kena ka m'mphuno kamene kamakuchititsa kudzifufuza ngati wavala malaya chotembenuza.

"A Madamu, bwerani muone," anatero Petro akuloza pa kompyuta. "Ine nakulitsa chabe. Sininagwireko chilichonse."

Winfrida anali mphunzitsi wa pulayimale, koma kunja kwa sukulu anthu ankamudziwa ndi udindo wina. Pa wailesi ya m'bomamo pankaulutsidwa sewero Loweruka lililonse masana, lotchedwa "Pa Chigayo cha a Tomaida", ndipo okonda sewerolo anali ndi gulu lawo pa intaneti, anthu opitirira zikwi zinayi. Wotsogolera gululo anali iyeyo. Poti nkhope ya a Tomaida palibe anaiwonapo, mwezi uliwonse ankachita mpikisano wojambula anthu a m'sewerolo monga mmene aliyense amawaonera m'mutu mwake. Chaka chino wopambana anali mmodzi, Meyi, Juni ndi Julayi: Kenneth Daka, mlamu wake, mng'ono wa amuna ake. Zithunzi zitatuzo zinkayenera kusindikizidwa pa nsalu yaikulu yokapachika pa msasa wa wailesi ku Mkaika tsiku la mwambo wa Kulamba, ndipo Loweruka likudzalo Winfrida ankayembekezeka kukazifotokoza pa wailesi, Kenneth ali pambali pake.

Anavala magalasi nayang'ana. Chinali chithunzi cha Juni, a Tomaida atagwira m'chiuno akukalipira amuna awo aulesi aja. Pa foni chinkaoneka chosalala ngati cha m'buku. Apa, chitakula ngati chitseko, kumbuyo kwa a Tomaida kunali mizere yokhota, ina pamwamba pa inzake, kuyambira pansi mpaka kumwamba.

"A Kenneth anakamba ati ni penti pa bolodi," anatero Petro. "Manje bolodi ya kuti ili na mchenga? Onani apa. Aka ni kaudzu."

Winfrida sanafunike kuuzidwa. Anakulira kumudzi, ndipo mpaka pamene ankapita ku koleji, chaka chilichonse akatha kukolola ankagwada ndi beseni la mtsiro kuzira khoma la nyumba ya amayi ake. Mizere imeneyo inali ya dzanja la munthu wozira. Chithunzicho chinajambulidwa pa khoma la dothi, kufiira kuja kunali katondo, kuda kuja makande. Nanga mwamuna uti wa m'tauni, wonunkhira sopo ngati Kenneth, amene anagwadapo n'kuzira khoma?

"Tsegulani zina ziwirizo," anatero.

Zonse zinali chimodzimodzi. Ndipo pa ngodya ya chilichonse panali mthunzi wa tsamba la papaya, wodulidwa pakati pamene munthu anachepetsa chithunzi kuti denga la udzu lisaoneke.

"Zonse zitatu anazitola tsiku limodzi, nyumba imodzi," anatero Petro. Kenaka anatsitsa mawu, kaseko kaja katatha. "A Madamu, uja mzimayi wa ku Vubwi amene munachotsa mu gulupu. Sichinali chamene ichi?"

Chinali chomwecho. M'mwezi wa Juni chithunzi chimenechi chinafika kawiri. Kenneth anatumiza pa 3, ndipo pa 12 chinabweranso kuchokera kwa mayi wina dzina lake Taonga Mvula. Lamulo la gulu, limene Winfrida analemba yekha, linali loti woyamba kutumiza ndiye mwini. Choncho anatenga nkhope ya Taonga n'kuiika pagulu, pansi pake n'kulemba kuti: "Wakuba uyu. Muzimudziwa." Anthu analembapo zonyoza mazana angapo, ena mpaka kumutukwanira makolo.

Anayang'anitsitsanso mizere ija, nayika dzanja lake pagalasi la kompyuta. Munthu akamazira, zala zinayi zimasiya mizere inayi. Apa paliponse inali itatu.

* * *

Winfrida anamupeza Kenneth pa depoti ya thonje, atakhala pa mpando wapulasitiki pansi pa mtengo, alimi ali pa mzere padzuwa. Anali kalaliki wa kampani ina yogula thonje, ndipo kuyambira pamene anayamba kupambana mipikisano ankavala kachipewa kopendekera ndi kusunga ndevu za pachibwano.

"Mlamu! Mwabwera kutenga saizi ya jekete ya pa Loweruka?" anaseka. "Nagula kale. Ya buluu."

"Mabolodi amene munajambulapo ali kuti? Petro akufuna kuwaona."

"Aa, aja? Anaonongeka. Mvula inalowa mu sitoro."

"Mvula ya mu Julayi?"

Kenneth anakanda ndevu zija. "Osati mvula yeniyeni. Madzi chabe. Dramu inatayikira."

"Penti munagula kuti?"

"Ku Chipata."

"Shopu iti?"

"Mlamu, mwasanduka apolisi? Luso ni luso. Anthu ansanje akuuzani chiyani?"

Munthu uyu Winfrida anamulera yekha zaka zinayi ali ku sekondale, kumuchapira mayunifomu, kumuphikira phala la mtedza pamene ankadwala malungo. Lero akumumata phula m'maso masana dzuwa likuswa mtengo, osaphethira n'komwe.

"Ku Vubwi munapitako liti?"

"Ine? Sininapondeko. Dera langa ni Katete na Sinda, funsani aliyense. Kuja ni kutchire, nikachiteko chiyani?"

"Ndiye Taonga Mvula simumudziwa."

"Nimudziwa monga mwamene mumudziwira imwe." Anamwetulira, ndipo kumwetulira kwake kunali kwa munthu amene wapeza pogwira. "Wakuba uja. Si ndimwe munalemba?"

Winfrida anatembenuka osatsazika. Atafika pamsewu, wa minibasi ya ku Sinda atamugwira mkono kuti akwere, anamukalipira mpaka anthu ogulitsa nthochi anatembenuka.

* * *

Beatrice Soko, mnzake wothandizana naye kuyendetsa gulu, anali ndi kalesitilanti m'mbali mwa msewu waukulu pa Sinda, pamene madalaivala a malole a thonje ankadyera. Anali mayi woyankhula ngati akuthamangitsidwa, ndipo m'Sinda monse munalibe nkhani imene inkadutsa osamupatsa moni.

"Sanapondeko? Kenneth? Iii, koma amuna!" Beatrice anamenya chikwanje pa thabwa, mutu wa nkhuku n'kugwera uko. "Pa mpando umene mwakhalapowo ndi pamene anakhala, kumayambiriro kwa Meyi, fumbi mpaka m'nsidze. Mnzake wa ku Vubwi anadwala, ndiye akampani anamutuma iyeyo kukalemba alimi masiku anayi. Anabwera pa lole, akudandaula msana, ati msewu wa kuja ndi wa ng'ombe. Anadya nkhuku theka, n'kupempha msuzi kawiri."

"Mukukumbukira bwino kuti inali Meyi?"

"Mpikisano wa Meyi tinatseka pa 20. Iye anatumiza pa 11, atangobwerako. Ndinadabwa ine, munthu amene sanajambulepo ngakhale kambuzi pa gulu lathu, lero wagwa kumwamba ndi chithunzi chotere? Ndinakuuzani."

"Simunandiuze."

"Ndinakuuzani! Ndinati, a Daka, mlamu wanuyu luso walitola kuti? Inu munati nsanje. Ndiye ndinatseka pakamwa, poti gulu ndi lanu, mlamu ndi wanu."

Winfrida anafuna kutsutsa, koma mawuwo anawakumbukira, ndi tsiku lake lomwe.

"Koma ngati chithunzi ndi cha Taonga, bwanji anachedwa masiku asanu ndi anayi?"

Beatrice anasiya nkhuku ija namuyang'ana ngati akuyang'ana mwana wa giredi wanu. "Munafikako ku Vubwi inu? Midzi ya kumalire kuja foni imagwira Malawi, ikatopa igwira Mozambiki, ya kwathu kuno mpaka ukwere pachulu ndi kuimika dzanja ngati ukulumbira. Mlamu wanga ali komweko, uthenga wa maliro unatipeza munthu ataikidwa kale. Lamulo lanu lija la woyamba kutumiza ndi la anthu a m'tauni. Kuja woyamba ndi amene ali ndi lole yomutulutsa."

Anapukuta manja pa chitenje, nayandikira.

"Ndipo simunamve zonse. Zimene munalemba zija zinafika kumudzi kwawo. Wina ku Chipata anatumizira wina, mpaka zinakalowa mu chigwirizano cha amayi kumpingo kwawo. Mayi uja ndiye ankasunga kiyi wa nkhokwe ya mtedza wa amayi. Anamulanda, pamaso pa anthu. Akuti Lamulungu lino akulu a mpingo akhala pansi kuti aone ngati n'koyenera kuti azidya nawo mgonero."

"Lamulungu lino?"

"Lomwe lino. Inu mukamaombera Kenneth m'manja Loweruka, mawa lake mnzanu akumuimika kutsogolo."

* * *

Lachinayi ananyamuka tambala atangolira kachiwiri, pa lole yodzera ku Chadiza, kenaka pa njinga yamoto imene inamugwedeza mpaka mano kuwawa. Anafika dzuwa litapendeka, tsitsi litafiira ndi fumbi. Mudziwo unali m'tsinde mwa phiri, ndipo mayi woyamba amene anamufunsa njira anangoloza ndi mlomo.

Nyumba anaizindikira ndi mtengo wa papaya. Koma zithunzi panalibe. Makoma onse anayi anali akuda bii, ozira kumene ndi makande kuyambira pansi mpaka ku denga.

Pabwalo panali mayi wamtali akumanga matumba a nyemba pa njinga yakapalasa. Anamuyang'ana Winfrida kuyambira ku nsapato mpaka kumutu, ndipo moni sanapereke.

"Ndikufuna a Taonga Mvula. Ine ndine..."

"Tikukudziwani. Nkhope yanu ili pa foni yanga. Ndinu aphunzitsi a ku Katete odziwa kulemba." Anakoka chingwe mwamphamvu mpaka njinga inalira. "Ine ndine Ottilia, mkulu wake. Mwabwera kudzaona ngati wabanso china?"

"Ndabwera kudzafunsa za zithunzi."

"Lero? Mwezi wachiwiri uno?"

Winfrida sanazolowere kuyankhulidwa chotero, ndipo mkwiyo unamufika pakamwa. Anaubweza. Anafunsa ngati kunabwerapo munthu wa thonje m'mwezi wa Meyi.

"Anabwera, wa fungo la sopo. Anakhala pa mpando uwo, tinamupatsa madzi ndi chinangwa chootcha. Anazungulira nyumba yonse ndi foni, ati, amayi, manja anu ndi odala, ndikaonetse abwana anga. Ife n'kumasekerera ngati zitsiru. Mng'ono wangayu sewero lija amalikonda kuposa chakudya. Loweruka wailesi imakhala pakhonde apa, mabatire ndimagula ndine. Atatha kukolola anakatenga katondo kuphiri, makande kudambo, dothi loyera kutsidya kwa malire, ulendo wa tsiku lathunthu. Anazira, najambula a Tomaida khoma ili, amuna awo khoma ilo, chigayo kuseri. Anthu ankachoka midzi ina kudzaona."

"Nanga mpikisano anaudziwa bwanji?"

"Pa wailesi pomwepo. Foni alibe, ndi yangayi. Ndinatola khoma limodzi ndine, nkhope yake ndinatolanso ndine poti munati wolowa gulu aonetse nkhope. Masiku atatu ndikukwera chulu icho, chithunzi chikungozungulira osapita. Tsiku limene chinapita tinavina. Mawa lake ndi pamene munamupachika."

"Bwanji anafufuta? Ukanakhala umboni."

Ottilia anaseka, koma kuseka kwake kunalibe chisangalalo. "Umboni kwa yani? Amayi a chigwirizano anati ngati a ku Katete ophunzira anena kuti anaba, ndiye kuti anaonera pa foni n'kukopera pakhoma. Ana ankadutsa apa akuimba wakuba, wakuba. Apongozi ake anasiya kulandira mbale yochokera m'nyumba muno. Tsiku lina ndinangomupeza ali ndi beseni, akuzira pankhope pa a Tomaida. Sanalire, ndipo mpaka lero sanalire. Bola akanalira."

Winfrida anayandikira khoma lakudalo. Dzuwa linkaliwomba cham'mbali ndipo mizere inkaoneka bwino lomwe, yokhota, ina pamwamba pa inzake. Anawerenga ndi chala. Itatu. Anasuntha, nawerenganso. Itatu.

Chitseko chinatseguka. Anatuluka mayi wamfupi, wowonda, wazaka ngati makumi atatu, atanyamula lichero la mtedza. Nkhope imeneyo Winfrida ankaidziwa bwino, poti anaiika yekha pamaso pa anthu zikwi zinayi. Maso ake anatsikira pa dzanja lamanja logwira lichero. Chala cha mkombaphala panalibe, panali kachitsa chabe.

"Makina oswera mtedza," anatero Ottilia. "Ali ndi zaka khumi ndi ziwiri."

"A Taonga," anayamba Winfrida. "Ndinalakwitsa. Ndabwera kudzapepesa."

Taonga anamuyang'ana nthawi yaitali. Kenaka anakhala pansi pakhonde, nayamba kupeta mtedza wake ngati pabwalopo palibe mlendo.

"Mwamva yankho," anatero Ottilia. "Munamuvula pa anthu zikwi, mukufuna kumuveka kuseri kwa nyumba, mboni zake nkhuku? Pitani, njinga yanu ikudikira. Loweruka wailesi tidzatsegula, timve mmene mukaombere m'manja."

* * *

Lachisanu madzulo, asanadye, anawauza amuna ake zonse. A Joseph anali munthu wofatsa, wokonza njinga zamoto, amene moyo wawo wonse ankathawa phokoso ngati mmene ena amathawira njoka. Anamvetsera mpaka kumapeto atagwira chibwano.

"Walakwa mwanayu," anatero. "Ndimuitana, timukalipire m'nyumba muno. Nsalu ija musasindikize, munene kuti makina afa. Zithera pomwepo."

"Nanga Taonga?"

"Mulembereni kalata yopita kwa abusa awo."

"Kalata yowerenga munthu mmodzi? Amene anamutukwana ndi mazana!"

"Amake Hope, za pa foni zisatiphwasulire mtundu. Mukamutchula Kenneth pa wailesi, akampani amva, ntchito yatha. Amayi kumudzi amva. Mudzalowa bwanji pakhomo pawo? Mlendo wa ku Vubwi simudzamuonanso, koma Kenneth mudzakumana naye pa maliro aliwonse mpaka imfa."

Zinali zoona, ndipo n'chifukwa chake zinamupweteka kwambiri. Anaimirira n'kukalowa kukhitchini, kumene anatsuka mapoto otsuka kale mpaka manja anatupa.

* * *

Kachipinda koulutsira mawu kanali kotentha, makoma ake omata matireyi a mazira. Woulutsa, mayi wansangala dzina lake Agatha, anawakhazika mbali imodzi ya tebulo. Kenneth anabwera ndi jekete yake ya buluu, atapesa ndevu. A Joseph anali atamutsina khutu, ndipo Kenneth analowa ndi nkhope ya munthu amene walonjezedwa kuti zonse zakonzedwa. Anamunong'oneza Winfrida kuti, "Mlamu, tikambirana pambuyo," n'kumugwira paphewa. Winfrida anachotsa dzanjalo.

Sewero litatha, nyali yofiira inayaka.

"Omvera athu ku Katete, Sinda, Chadiza mpaka ku Vubwi," anatero Agatha, "lero tili ndi a Winfrida Daka, otsogolera gulu la okonda sewero lathu, kudzatifotokozera zithunzi zimene zapambana chaka chino. Tilinso ndi katswiri mwini wake. A Daka, tiyambe ndi cha Meyi."

Winfrida anafotokoza. Ananena za chigayo chojambulidwa ndi utsi wake, za a Tomaida ogwira m'chiuno, za amuna awo ogona pa thumba la chimanga chipewa chili kumaso. Anati chiyambire mpikisano sanaonepo dzanja lotere, lodziwa kuti mkazi wokwiya amaimika bwanji phewa. Kenneth ankagwedeza mutu, akumwetulira.

"A Kenneth," anatero Winfrida, "auzeni omvera. Munajambula pa chiyani?"

"Pa bolodi, na penti ya ku Chipata."

"Ndi dzanja lanu?"

"Lomwe ili."

"Liikeni patebulo. A Agatha, omvera sakuona. Awerengereni zala za dzanja limeneli."

Agatha anaseka poganiza kuti ndi nthabwala. "Zisanu, zonse zilipo, zodzola bwino."

"Zikomo. Amayi nonse amene mukumva, inu amene munazirapo nyumba, mukudziwa kuti dzanja limasiya mizere inayi pakhoma. Zithunzi zitatuzi tazikulitsa. Si penti, si bolodi. Ndi katondo ndi makande pakhoma la nyumba, ndipo mizere yake ndi itatu, chifukwa mwini wake makina anamudula chala ali mwana. Ndapita, khomalo ndaligwira, dzanjalo ndaliona. Munthu uyu anafika pa nyumbayo mu Meyi, anamwa madzi awo, anadya chinangwa chawo, n'kuwabera ndi foni."

"Mlamu!" Kenneth anaimirira, mpando n'kugwa. "Ni bodza! Zimitsani ichi!"

"Khalani pansi! Ndinakuchapirani zaka zinayi, lero mundimvera." Anatembenukira ku maikolofoni. "Mwini wa zithunzi zonse zitatu ndi mayi Taonga Mvula a ku Vubwi. Akulu a mpingo wawo, amayi a chigwirizano, apongozi awo, ngati mukumva, mayiyu sanabe kanthu. Amene analemba kuti ndi wakuba ndine, Winfrida Daka, ndipo ndinanama. Lamulo la woyamba kutumiza ndinalipanga ndine, ndili pa mpando m'tauni, osaganiza za munthu wokwera chulu."

Kenneth anatuluka, chitseko n'kuchimenyetsa. Agatha anabwerera ku ntchito yake, poti mafoni onse awiri a patebulo anali akuwala.

Woyamba anali bambo wa ku Sinda amene anati Kenneth amangidwe. Wachiwiri anali mayi amene pa gulu paja anatukwana kwambiri kuposa onse, ndipo lero anati iye ankakayikira kuyambira pachiyambi. Wachitatu anayamikira a Daka chifukwa cha kulimba mtima, nati aphunzitsi otere ndi osowa. Winfrida anamva phewa likutsika pang'ono. Mwina zatha, anaganiza. Mwina ndalipira.

"Tili ndi wina," anatero Agatha. "Mawu akudukaduka. Muli kuti, mayi?"

Kunamveka mphepo, ndi mbuzi kulira chapatali.

"Ndili pachulu. Ndine Taonga."

Mawuwo anali aang'ono, osathamanga, ndipo aka kanali koyamba Winfrida kuwamva.

"Zimene mwanenazo ndamva, aphunzitsi. Anthu ali pakhonde pathu amvanso. Za lamulo lanu ndi za alamu anu, izo ndi zanu. Ine funso langa ndi limodzi. Mutandilemba zija, ndinakwera pano masiku asanu ndi foni ya achemwali. Tsiku lililonse ndinkakulemberani kuti, amayi, musandiweruze, bwerani mudzaone khoma, kapena tumani munthu. Nthawi imeneyo zithunzi zinali zilipo. Ndakhala ndikudziuza kuti mwina mauthengawo sanafike, poti kuno foni ndi yovuta. Ndiye ndiuzeni pano, anthu akumva. Anafika?"

Agatha anayang'ana Winfrida, dzanja lili pa batani, kumufunsa ndi maso ngati adule. Zikanakhala zosavuta. Akanati sanafike, ndipo m'chigawo chonse cha kum'mawa palibe akanatsutsa, ngakhale Taonga yemwe.

Koma anafika, onse asanu. Anawawerenga ali m'chipinda cha aphunzitsi, akumwa tiyi. Wachitatu anawerengera anzake mokweza, akuseka kalembedwe kake kopanda mipumiro, ndipo wachisanu utafika anatseka nambalayo kuti isamuvutitsenso.

Anayandikira maikolofoni.

"Anafika, mayi. Ndinawerenga onse."

"Ndiye bwanji simunabwere?"

"Ndinaona kuti ndinu a kumudzi, iye ndi wa m'nyumba mwanga. Palibe chifukwa china."



"Chabwino," anatero Taonga. "Mpaka lero ndimakukhululukirani poganiza kuti simunaone. Tsopano ndadziwa." Anapuma pang'ono, ndipo atayambanso mawu ake anali atasweka. "Nsalu yanu ya ku Mkaika musaikepo zithunzi zanga. Ndinazikwirira ndekha, zikhale momwemo."

Foni inaduka. Nyali yofiira inali ikuyakabe, ndipo anthu a maboma anayi anamva mphunzitsi Daka akulephera kupeza mawu.